Mmene Elizabeth Daka Anatsekera Maina a ku Fondale

Elizabeth Daka anabadwira ku Kitwe, koma makolo ake anali a ku Katete, ndipo kwawo Chibemba chinkatsala pakhomo ngati nsapato zamatope. Bambo ake, a Obadiah Daka, anagwira ntchito zaka makumi atatu ku kampani ya boma yosungunula chitsulo, imene anthu ankangoitcha kuti Fondale. Iwo anali mmisiri wa zikombole. Mgodi ukafuna mano atsopano a makina ophwanya miyala, kapena zitsulo zoyala m'kati mwa chigayo chake, a Daka ankayeza, kujambula pulani, n'kusema chifaniziro cha thabwa chimene anzawo ankaumbirapo chikombole chothiramo chitsulo chamadzi. Ankabwera kunyumba akununkhira utuchi, pamene amuna ena onse a mumsewu wawo ankanunkha girisi.

Elizabeth analowa ku Fondale komweko mu 1983 monga wolandira mafoni. Zaka khumi ndi zinayi anakhala pa swichibodi, ndipo manambala a maofesi onse, mazana awiri ndi kanthu, anali m'mutu mwake. Tsiku loyamba anamuphunzitsa lamulo limodzi: munthu akatchula dzina, mupatse ofesiyo, akafuna kuti umuwerengere buku lonse la manambala, yamba wamufunsa kuti ndi ndani ndipo wamutuma ndani. Anakwatiwa ndi Nicodemus Miti, amene ankayang'anira mpweya pansi pa mgodi, nakhala ku Chamboli, komboni ya m'Kitwe momwemo, m'nyumba ya kampani. Anabereka ana atatu, woyamba Treasure. Ku ntchito anasunga dzina la bambo ake.

Kenako kopa anagwa mtengo ndipo tawuni inayamba kufota. Babu la mumsewu likapsa, linkakhala lopsa. Kuchotsa anthu ntchito ankakutcha kupuluna, ngati kuti anthuwo ndi nthambi za mitengo ya m'mbali mwa msewu. Nicodemus anapulunidwa mu 1997, nayamba kukonza njinga pansi pa mtengo wa mapeyala pabwalo pawo. Chaka chomwecho ku Fondale kunafika bokosi lotuwa lolumikiza mafoni palokha, ndipo aliyense anadziwa kuti dzina la Elizabeth lili panjira.

Amene anamupulumutsa ndi Cyril Mwamba, mkulu wa chipinda cha makompyuta, munthu wamtali wosakonda kuyankhula. Tsiku lina ankawerenga mokweza manambala a papepala polumikiza bokosi latsopanolo, Elizabeth ali chilili pambali, atanyamula kale chikwama.

"Ba Mwamba, nambala imeneyo si ya ku sitolo ya zida, ndi ya ku labu. Pepalalo lalakwa," anatero.

Cyril anayesa, n'kupeza kuti ndi zoona. Anawerenganso ina, Elizabeth anakonzanso. Atafika pa yachinayi anaika pepalalo pansi n'kumufunsa ngati amadziwa kutaipa. Sabata yotsatira Elizabeth anali m'chipinda chozizira cha makompyuta, atavala juzi pakati pa Okutobala.

Poyamba ankangolowetsa manambala a katundu. Koma anali wofunsa, ndipo Cyril, ngakhale anali waulesi pakamwa, ankayankha akafunsidwa funso labwino. Ndiye amene anamufotokozera za makina akuda amene ankalira pakona osazimitsidwa.

"Makompyuta sadziwana ndi maina, amadziwana ndi manambala," anatero Cyril. "Munthu wa ku Chingola akatilembera imelo, kompyuta yake imafunsa kuti, dzina ili la Fondale, nambala yake ndi iti? Makina awa ndi amene amayankha. Timawatcha seva ya maina."

"Ndiye swichibodi basi," anatero Elizabeth.

"Ee, kungoti iyi sipereka moni."

Ma seva a maina analipo awiri. Yaikulu inali ku Kitwe, inzake ku Ndola, ku ofesi yogulitsira katundu. Mndandanda wa maina onse ndi manambala ake unkakhala mu fayilo imodzi yotchedwa zoni. Seva ya ku Kitwe ikasintha kanthu, ya ku Ndola inkapempha kope la zoni yonse, kuti tsiku lina Kitwe ikadzazima, Ndola izidzayankha m'malo mwake.

Mu Ogasiti 1999 Cyril anapeza ntchito ku Botswana. Panalibe wina womulowa m'malo, chifukwa boma linali litalengeza kale kuti Fondale ikugulitsidwa ndipo kulemba anthu atsopano kunaimitsidwa. Tsiku lotsanzika anamusiyira Elizabeth envulopu ya mawu achinsinsi otsegulira makina, ndi buku lalikulu lachizungu lochita kujambulitsa pa makina a mapepala, lomanga ndi chingwe, masamba ena odetsedwa moti mizere yam'munsi sinkawerengeka.

"Mukasowa chochita, werengani logi," anatero. "Makina amalemba chilichonse chimene chawachitikira. Anthu sawerenga chabe."

Choncho m'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, Elizabeth ankatsegula logi n'kuwerenga mzere ndi mzere, monga momwe ena amawerengera lemba la tsiku. Zambiri sankazimva. Koma ankadziwa maonekedwe a tsiku labwinobwino, ndipo Lolemba lina mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, anaona mzere wosafanana ndi inzake. Unkanena kuti Loweruka masana seva inapereka zoni yonse kwa wina. Nambala ya wolandirayo sinali ya ku Ndola. Sinali ya m'Zambia n'komwe.

Anayang'ana mzerewo nthawi yaitali. Kenako anatsegula fayilo ya zoni kuti aone chimene mlendoyo wapita nacho. Cyril ankatcha makina maina osavuta kukumbukira. Kompyuta ya malipiro dzina lake linali malipiro. Ya abwana linali abwana. Imene munali mapulani onse a Fondale, amene Cyril anatha zaka ziwiri akuwalowetsa kuchokera m'makabati afumbi, dzina lake linali mapulani. Mlendoyo anali atapatsidwa mapu a nyumba yonse, chipinda chilichonse chitalembedwa pachitseko zimene zili m'kati.

Lachinayi anapeza zimene ankaopa. Nambala yachilendo ija inali itabwerera, osati kwa seva ya maina, koma molunjika ku kompyuta ya mapulani. Inayesa kulowa ndi mawu achinsinsi ongopeka, kambirimbiri, masamba asanu ndi limodzi a logi. Sinalowe. Koma Elizabeth ankadziwa kuti mawu amene Cyril anaika pamenepo anali dzina la timu ya mpira, ndipo munthu wopirira akanawapeza tsiku lina.

Anasintha mawuwo nthawi yomweyo, nasindikiza masamba aja, nakwera masitepe kupita kwa a Stanford Silwamba, amene ankagwirizira udindo wa mkulu wa kampani pomwe ogula akudikiridwa. Anali munthu wotopa. Pa desiki pawo panali mulu wa makalata a anthu ofuna kudziwa ngati adzatsale pa ntchito.

Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anavula magalasi.

"Ba Daka, nyumba ikugulitsidwa. Inu mukufuna tikonze loko wa pa kabati?"

"Ba Silwamba, kodi ogulawo akubwera kudzagula chiyani? Ng'anjo zathu ndi zakale kuposa ine. Denga likudontha. Chimene tili nacho, chimene alibe ena, ndi mapulani a makina onse a m'migodi ino, kuyambira ku Luanshya mpaka ku Chililabombwe. Munthu akawatenga ulele, angathe kukaumbira zitsulozo kwawo. Adzabwereranji kudzagula denga lodontha?"

A Silwamba anatenga masamba aja n'kuwayang'ananso.

"Ndi ndani ameneyu?"

Elizabeth anayankha ndi liwu laulemu la Chibemba: "Sindikudziwa mukwai. Mwina ndi mwana wasukulu amene akungosewera kudziko kwawo. Mwina ayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti seva yathu imapereka mndandanda wonse kwa aliyense wopempha, osamufunsa dzina."

"Katswiri wa ku Lusaka sindingathe kumuitana panopa. Mungathe inuyo?"

Elizabeth anafuna kunena kuti ayesa. Anadzimva akunena kuti, "Ndingathe."

Loweruka masana anakhala pakhonde ku Chamboli, buku la Cyril lili pamiyendo, dikishonale ya Treasure ili pambali. Mutu wa nkhani imeneyi unali ndi masamba khumi ndi awiri ndipo anauwerenga katatu. Nicodemus anali pansi pa mtengo wake, akuwongola sipoko za gudumu.

"Amake Treasure, nkhope yakwinyika bwanji? Bukulo lakutukwanani?"

Elizabeth anamufotokozera. Anati pali mzere umodzi wofunika kulemba, wouza seva ya ku Kitwe kuti zoni yonse izipatsa seva ya ku Ndola yokha. Ena onse azifunsa dzina limodzi limodzi n'kuyankhidwa, koma mndandanda wonse ayi.

Nicodemus anazunguliza gudumu lija, akuyang'ana ngati likuyenda mowongoka.

"Za makompyuta sindizidziwa," anatero. "Koma pansi paja, ukatseka njira imodzi ya mpweya, sunyamuka. Umayenda kaye kukaona kumene mpweyawo wathawira. Nanga ya ku Ndolayo, ikalandira mndandandawo, iyo imamana anthu?"

Elizabeth anamuyang'ana, natsegulanso buku. Yankho linali m'munsi mwa tsamba, pamalo podetsedwa paja. Anapendeketsa tsambalo padzuwa mpaka anawerenga. Seva yachiwiri nayonso imapereka kwa aliyense ngati sunailetse.

Lolemba m'mawa analemba mzere uja. Atayatsanso pulogalamu ya seva, inakana kudzuka. Maimelo a kampani yonse anaima. Foni ya m'chipindamo inayamba kulira, ndipo iye, amene moyo wake wonse sanasiyepo foni kulira katatu, anaisiya. Anawerenga zimene analemba chilembo ndi chilembo, chala chili pa sikirini, mpaka anapeza kuti kumapeto kwa mzere wasiya kachizindikiro kamodzi, kadontho kokhala ndi kamchira pansi. Anakaika. Seva inadzuka. Panali patapita mphindi makumi awiri, koma iye anaona ngati wakalamba chaka.

Lachitatu anakwera basi ya ku Ndola. Ofesi yogulitsira inali ndi anthu anayi, ndipo seva inkakhala pansi pa tebulo la kalaliki wina dzina lake Taizya Sikazwe, mtsikana wa ku Kawama, amene anaiyalira kansalu koluka pamwamba kuti isalowe fumbi. Elizabeth anachotsa kansaluko mwaulemu, nafotokoza kuti makinawo amapuma ndi timabowo tam'mbali.

Kuti ayese bwino, anafunika kuoneka ngati mlendo. Anatenga kompyuta ya Taizya, naichotsa pa waya wa kampani, naimba pa modemu, kachipangizo kolumikizira kompyuta pa waya wa foni, monga angachitire munthu aliyense wa m'tawuni. Anapempha seva ya ku Kitwe kuti imupatse zoni yonse. Yankho linabwera lalifupi: yakana.

Anapempha ya ku Ndola, imene inali pafupi ndi mapazi ake. Maina anayamba kutsika pa sikirini ngati madzi a pampopi, malipiro, abwana, mapulani, onse.

"Ba Daka, zinthu zonsezi zimatuluka pansi pa tebulo langali?" anafunsa Taizya.

"Zaka zitatu, mwana wanga. Bwera ukhale apa uone chimene ndichite, chifukwa makinawa umakhala nawo ndiwe."

Anatseka ya ku Ndola kuti isapatse aliyense, ngakhale mmodzi. Anayesanso, ndipo nayo inakana. Pobwerera, basi itadutsa mlatho wa Kafue, anadzipeza akumwetulira yekha, mayi wa pambali pake n'kumuyang'ana modabwa.

Lachisanu anachitanso china chimene bukulo linalangiza. Anachotsa mu zoni maina onse a makina a m'kati, amene munthu wakunja alibe nawo ntchito, nawaika pa mndandanda wina woonedwa ndi a m'kampani okha. Kunja kunatsala maina atatu: la makalata ndi a ma seva awiriwo.

Masiku otsatira logi inadzaza ndi mizere yonena kuti wina wapempha zoni ndipo wakanidwa. Inkabwera pafupipafupi, tsiku lililonse. Elizabeth ankaiona n'kumva kukoma. Maso ake ankaima pa liwu lakuti yakana, osafika pa nambala ya wokanidwayo.

Patapita masiku khumi, akuba anadula waya wa kopa wa matelefoni kuseri kwa mpanda wa Fondale, nanyamula utali wokwana bwalo la mpira. Zoterezi zinali zitazolowereka chaka chimenecho. Elizabeth sanade nkhawa, podziwa kuti Ndola iyankha. Koma cha m'ma teni koloko a Silwamba anatsika okha masitepe, atagwira foni yawo yam'manja, imene inali imodzi yokha pakampani ponse.

"Ndi Taizya. Akuti wogula zida wa ku mgodi wina waimba, akufunsa ngati Fondale yatsekedwa kale. Akuti akalemba dzina lathu, kompyuta ikunena kuti kulibe kampani yotero."

Elizabeth analandira foniyo, nauza Taizya choti alembe ndi choti amuwerengere. Pamene Taizya ankawerenga, iye anatsegula mzere wake uja pa seva ya ku Kitwe, ndipo anaona. Nambala ya ku Ndola inkathera ndi 41. Iye analemba 14. Amene ankagogoda tsiku ndi tsiku n'kumakanidwa sanali mlendo uja ayi, inali seva yawo yomwe ya ku Ndola, ikupempha zoni yatsopano. Itapempha masiku asanu ndi awiri osapatsidwa, inachita monga inapangidwira: inaona kuti kope lake lakalamba, nisiya kuyankha. Kitwe itazima, panalibenso woyankha.

Zaka khumi ndi zinayi pa swichibodi sanasokonezepo nambala. Anakopera zoni pa kadisiki, nakakulunga m'mpango, nakaika m'chikwama, nathamangira ku siteshoni. Minibasi inachedwa kudzaza, ndipo m'menemo anamva amuna awiri kumbuyo akukambirana m'Chibemba kuti ku Fondale zatha, mwana wa mlongo wa wina wamva ku Chingola. Sanatembenuke. Anafika ku Ndola dzuwa litapendeka, nalowetsa zoni ija ndi manja, Taizya akumuwerengera manambala mokweza, iye akubwereza. Isanakwane faifi koloko dzina la Fondale linabwerera, ndipo makalata amene anali atasowa kolowera anayamba kufika ku Ndola.

M'mawa mwake anakwera masitepe asanaitanidwe.

"Ba Silwamba, za dzulo si akuba okha. Akuba anadula waya, koma Ndola ikanayankha. Ndinalemba nambala mozondoka, ndipo ndinayesa mbali imodzi yokha. Ndinaonetsetsa kuti mlendo akukanidwa, sindinaonetsetse kuti mwini nyumba akulowa."

A Silwamba anamufunsa funso limodzi.

"Mukanangoti ndi akuba, ndani muno akanakutsutsani?"

"Palibe mukwai. Koma wodzabwera pambuyo panga akanadzagwa m'dzenje lomwelo."

"Chabwino. Lembani zimene mwandiuzazi, ndisaine, tiike mu fayilo. Osati ya chilango. Ya makinawo."

Waya anabwezeretsedwa patapita masiku anayi. Elizabeth anakonza manambala awiri aja, naimbira Taizya, nadikira pa foni mpaka logi inaonetsa kuti Ndola yapempha ndipo yapatsidwa. Anagula kope lasukulu, nalemba patsamba loyamba zoyenera kuchita munthu akasintha chilichonse pa seva: funsa ngati mlendo, uone kuti wakanidwa, funsa ngati Ndola, uone kuti walandira, werenga nambala mokweza kwa munthu wina. Kope lachiwiri lofanana nalo anatumizira Taizya pa basi. Kuyambira pamenepo ankawerenga mzere wa logi mpaka kumapeto. Nambala yachilendo ija inabweranso kawiri mu Disembala, inakanidwa kawiri, ndipo sinaonekenso. Mwini wake sanadziwike mpaka lero.

Ogula anafika mu Febuluwale 2000, anthu asanu ndi awiri ovala zisoti zoyera zatsopano. Anayendera ng'anjo, anayeza denga, anatsegula makabati. Pakati pawo panali mayi wa ku Joni dzina lake Kate, amene ntchito yake inali kuona makompyuta. Tsiku lachitatu anaitanitsa Elizabeth ku chipinda cha misonkhano, kumene kunali a Silwamba, akuluakulu a zigawo, ndi amuna awiri a bungwe la antchito atakhala kumapeto kwa tebulo, mikono itapindidwa.

Kate anali ndi kompyuta yonyamula m'manja, yolumikizidwa ku waya wa foni. Ankayankhula Chizungu chothamanga, koma mosanyoza.

"Ndisakuvutitseni ndi mafunso ambiri, mayi," anatero. "Makampani atatu amene tayendera, mndandanda wa makina awo ndimautenga ndekha kwa seva yawo ya maina. Sizitenga mphindi. Ndimachita dala pamaso pa mabwana kuti aone vuto lake."

Analemba. Anadikira. Anawerenga yankho, nakweza nsidze.

"Muli ndi ina ku Ndola, si choncho? Anthu ambiri amaiwala yachiwiri."

Analembanso. Elizabeth anali ataima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo. Yankho linabwera lofanana ndi loyamba. Kate anayesa njira ina, akufunsa maina ongoganizira, la malipiro, la abwana, la mapulani. Seva inayankha kuti siikuwadziwa. Anatsamira kumpando n'kuseka.

"Anakukonzerani ndani zimenezi? Kampani iti?"

A Silwamba analoza ndi cholembera. "Ndi amene aima apowo. Anali wolandira mafoni wathu."

Kate anatembenuka, namuyang'ana bwinobwino, nafunsa kuti anaphunzira kuti. Elizabeth anayankha kuti m'buku, ndiponso polakwitsa kamodzi. Kate anafunsa za kulakwitsako, ndipo atamva za 41 ndi 14 anagwedeza mutu, nati iyenso zinamuchitikirapo, kungoti iye sanafunike kukwera basi.

"Chabwino. Ndiye ndipatseni mndandanda wa makina a m'kati, ndiufuna pa lipoti langa."

"Ndikupatsani mukandibweretsera kalata ya a Silwamba," anatero Elizabeth.

A Silwamba anali pomwepo, mipando iwiri kuchokera pa Kate. Mmodzi wa amuna a bungwe aja anayamba kuseka chamumtima, mapewa akugwedezeka. A Silwamba anatembenuza pepala la ndondomeko ya msonkhano, nalemba kumbuyo kwake mizere iwiri, nasaina, napatsira Kate. Kate anaimirira, nayenda mapazi atatu, napereka pepalalo kwa Elizabeth ndi manja awiri. Elizabeth analiwerenga lonse, nalipinda, napita kukasindikiza mndandandawo.

Nkhaniyo inafika ku ng'anjo nthawi ya nkhomaliro isanathe. Amuna amene sankadziwa n'komwe kuti seva ndi chiyani ankamuimitsa pageti n'kumuyamikira m'Chibemba. "Mwabombeni, Ba Daka. Tamva ati mwawakaniza a ku Joni." Mkulu wina wa ku zikombole, amene anaphunzira ntchito kwa a Obadiah, anangomugwira dzanja nthawi yaitali.

Fondale inagulitsidwa mu Meyi. Eni atsopano anasunga anthu ochepera theka, ndipo mwezi umenewo ku Chamboli kunali nyumba zambiri zopanda phokoso. Elizabeth anatsala. Iye sananenepo kuti ndi amene anapulumutsa kampani, ndipo wina akanena choncho ankamuletsa, chifukwa ankadziwa maina a onse amene anapita. Chimene ankavomera n'chakuti mapulani anasamutsidwa kwa eni atsopano ndi kalata, masana, anthu akuona, ndipo zitsulo zake zinapitiriza kuumbidwa ku Kitwe zaka zina zisanu ndi zinayi.

Eni atsopanowo anamutumiza ku Lusaka kukaphunzira milungu isanu ndi umodzi. M'kalasimo anali wamkulu kuposa onse, ndi mphunzitsi yemwe, ndipo anali yekha wolemba ndi pensulo. Atabwerera anapempha kuti Taizya nayenso atumizidwe, ndipo anakakamira mpaka zinatheka. Pamene ankapuma ntchito mu 2009, Taizya ndiye anatenga ma seva onse awiri. Pambuyo pake timakampani ting'onoting'ono ta ku Kitwe ndi ku Ndola, sukulu ina ya mishoni ndi chipatala china cha ku Itawa, tinkamuitana akamva kuti pali mayi wa ku Chamboli amene amaona ngati seva yawo ili ndi pakamwa. Ankapita pa minibasi, magalasi ali pachifuwa, ndipo sankachoka asanaphunzitse munthu mmodzi wa pamalopo kuyesa yekha.

Nicodemus anakonza njinga mpaka maso anayamba kumuvuta. Masana ena Elizabeth akuchokera ku Ndola, anamupeza pansi pa mtengo uja akucheza ndi bambo wachilendo amene anabwera kudzamatitsa chubu.

"Awa akubwera apawa ndi akazi anga," ankatero Nicodemus. "Maina onse a intaneti muno mu Copperbelt amasunga ndi iwowa."

"Atate ake Treasure, musanamize alendo," anatero Elizabeth, akuika chikwama pakhonde. "Inali kampani imodzi chabe."

"Imodzi, ndi sukulu, ndi chipatala, ndi aja a matayala a ku Ndola."

"Amenewo ndinangowathandiza."

Mlendoyo anafunsa ngati angayang'aneko foni yake, imene inkakana kutumiza zithunzi kwa mwana wake. Elizabeth anati za mafoni a masiku ano sazidziwa bwino. Komabe anavala magalasi, nakhala pa benchi pakati pa amuna awiriwo, nayamba kumufunsa bamboyo kuti vutolo linayamba liti.